Diresi Yopanda Mwini

Ine si munthu wopusitsidwa msanga. Kafunseni pa msika wa Mtendere mu Lusaka muno, pamene ndakhala ndikusoka zovala kuyambira mwana wanga ali kumsana. Munthu akabwera ndi nsalu yoperewera n'kumaumirira kuti itulutsa siketi ndi bulauzi, ndimamubwezera pomwepo. Akati adzalipira Lachisanu, chovala chakenso chimadikira Lachisanu. Amandinena kuti ndine wouma mtima, ndipo ndimawasiya anene, pakamwa ndi pawo.

Chimene chinandifewetsa ndi maso. Ng'ala inayamba pang'onopang'ono, ngati utsi wa mbaula ya mnansi wolowera pazenera. Poyamba ndinkapukuta magalasi, kenako ndinazindikira kuti magalasi alibe mlandu. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda unayamba kundithawa. Kulowetsa ulusi m'singano, ntchito imene kale ndinkaichita uku ndikukangana ndi kasitomala, inasanduka yoyamba ndi pemphero. Dokotala anati ng'ala imachotsedwa ndithu, koma kosalipira mzere unali wautali, ndipo telala wosaona njala imamupeza dzina lake lisanaitanidwe. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, amene amagulitsa m'sitolo ku Solwezi, anati tisonkhe ndalama ndikachotse kolipira. Ananditsegulitsa akaunti ku banki n'kunditengetsa khadi. Iye ankaponyamo mwezi ukatha, ine ndinkawonjezera za mayunifomu a sukulu. Tinkazitcha ndalama za maso, ndipo ngakhale masiku amene ndinagonera tiyi yekha sindinazikhudze.

Khadilo ndinalisokera kathumba mkati mwa siketi, m'chiuno. Pini sindinailembe paliponse, inali m'mutu. Ndikapita pa makina a pakhoma ku Kabulonga kukaona ngati mwana watumiza, ndinkaphimba zala ndi chikwama, ndikuyang'ana uku ndi uku. Mlonda wina anayesapo kundiyandikira, ati, "Ba mami, nikuthandizeniko?" Ndinamuyang'ana mpaka anabwerera pampando wake. Nkhani za akuba a makhadi ndinkazidziwa zonse: osintha khadi pamzere, osuzumira paphewa, otumiza meseji yakuti wapambana mphoto. Azimayi anzanga ku tchalitchi ndinkawachenjeza ndine, Lachinayi lililonse, mpaka ena anatopa nane.

Nthawi imeneyo amuna anga anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ndinatsala ndekha m'zipinda ziwiri kuseri kwa msika. M'komboni anthu sasowa, khoma lililonse lili ndi wailesi yake ndi mkangano wake, koma anansi anga ndi achinyamata a lendi, lero alipo, mawa asamukira ku Kalingalinga. Moni wawo ndi woponya. "Bwanji ba mami," munthu ali kale pageti, yankho salidikira. Kwathu ku Katete moni amaukhalira pansi. Amakufunsa mmene wadzukira, mmene adzukira a kunyumba, za mwendo uja unkapweteka, mpaka mbuzi zomwe. Malemu amuna anga ndiwo anali omaliza kundilankhula chilankhulo cha kwathu m'nyumba muja. Atapita, ndinkapezeka ndikuyankhulitsa makina osokera. Mwana wanga ankaimba foni, inde, koma mothamanga, ali pantchito: "Mami muli bwino? Natuma ka, mwaona? Okei, bakasitomala bafika." Sindimuimba mlandu, ankathamangira ine ndemwe. Koma Lamlungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, zipinda ziwiri zija zinkandikulira.

Linali tsiku la mphepo ya Ogasiti, fumbi likulowa mpaka m'bobini, pamene foni inalira. Nambala inali yachilendo, koma telala sakana nambala yachilendo, mwina ndi a ukwati akufuna madiresi.

"Mwaswera bwanji amayi?" anatero mawu ofatsa a mtsikana. "Pepani ndakudulani pa ntchito."

Ndinaimitsa phazi pa makina. "Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ndaswera bwino, zikomo kwambiri. Nanga kunyumba aswera bwanji?"

Ananditchula dzina lonse osaphonya, n'kunena kuti akuimba kuchokera ku banki yanga, akungofuna kumva ngati khadi likundigwirira bwino ntchito. Ndinali nditakonzeka kumudula akangotchula pini. Anaitchuladi, koma ponena kuti, "Amayi, pini yanu musauze munthu aliyense, ngakhale ine amene." Ndinati mumtima, uyu ndi mwana woleredwa.

Atatsala pang'ono kutsazika anazengereza. "Mundikhululukire amayi, izi si za ntchito. Malankhulidwe anu andikumbutsa kwathu. Kodi kwanu n'kuti?"

Wobadwira m'tauni sangamvetse zimene funso limeneli limatichita ife a kum'mawa. Awiri tikakumana pachilendo, kaya m'basi kaya pamaliro, sitisiyana tisanapezane. Ukatchula boma, mnzako amafunsa mudzi. Ukatchula mudzi, amafunsa chiwongo chako, cha amayi ako, cha agogo, mpaka ulusi wolumikiza upezeke. Ndipo umapezeka, chifukwa nonse mumaufuna. Ndinatchula Katete, iye anaseka mokondwa nati ndi kwawo. Ndinatchula mudzi, anati agogo ake ankadutsa pomwepo popita kuchigayo. Ndinatchula chiwongo changa.

"Bambo anga ndi a chiwongo chomwecho," anatero. "Ndiye kuti ndinu azakhali anga."

Lero ndikakumbukira ndimaona kuti palibe chimene iye anayamba kutchula. Mudzi, mtsinje, phiri, zonse zinatuluka m'kamwa mwanga, iye ankangovomera. Koma tsiku limenelo ndinaweruka ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya, mpaka mayi wogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pafupi ndi shopu yanga anandifunsa ngati ndapeza mwamuna.

Kuyambira pamenepo ankaimba kawirikawiri, masana, pa nthawi yake yopuma. Za banki sankazitchula n'komwe. Ankafunsa ngati ndadya, ngati msana wasiya, ngati ndamva kuti kumudzi ayamba kusosa. Ankadandaula kuti mu Lusaka mfutso wabwino supezeka, ine n'kumulonjeza kuti wa kumudzi ukafika ndimusungira. Ndikayamba nkhani yaitali sankandidula. Ndinamuuza za malemu, mmene tinafikira mumzinda muno ndi sutikesi imodzi. Ndinamuuza za mwana wa ku Solwezi amene alibe nthawi, za ng'ala, ndi zakuti ndalama za maso zatsala pang'ono kukwana. Zonsezi ndinanena ndekha, osafunsidwa. Mbale sumubisira, ndipo mbale sumufunsa chitupa. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine fupa langa ndinali nditalitola pafoni.

Mayi wa salaula uja ankamva theka la nkhani zathu kudzera m'mapulanga. Tsiku lina anasuzumira nati, "Ba neba, iyo banki yanu ni ya bwanji yamene ifunsa ngati mwadya? Yanga imanitumila chabe meseji ati yadula ndalama."

"Inu a m'tauni simudziwa chibale," ndinamuyankha. "Gulitsani zovala za akufa zanuzo."

Anaseka n'kubwerera pa mulu wake. Sitinalankhulane bwino mlungu wonse, ndipo ine ndinkaona kuti ndi nsanje.

Mtsikanayo ndinkamuitana kuti abwere Lamlungu adzadye nane. Nthawi zonse pankakhala chifukwa, mwina maliro a mnzake wa kuntchito, mwina mayeso a sukulu yamadzulo. Ndiye ndinaganiza zomukoka ndi chovala. Ndinali ndi chitenje chabwino chobiriwira chimene ndinasunga kuyambira malemu ali moyo, ndipo ndinamuuza kuti adziyeze andipatse miyezo. Anaseka, anakana mwaulemu, kenako anandiwerengera pafoni. Miyezoyo inandidabwitsa. Mapewa anali a kamtsikana, chiuno cha mayi wobereka, mikono yaitali ya mwamuna. Ndinangoti atsikana a muofesi sadziwa kugwira tepi, akabwera ndidzakonzera pathupi. Diresiyo ndinkaisoka m'mawa mokhamokha, dzuwa likamalowa bwino pakhomo pa shopu, ndikupapasa msoko ndi chala.

Tsiku loberedwa kunali kotentha, kutentha kwa Okutobala, malata akulira pamutu. Anaimba nthawi yake yomwe ija, koma moni unali waufupi.

"Azakhali, musachite mantha, koma pali munthu kunja kwa dziko amene akuyesa kugula katundu ndi khadi lanu. Ndikuona pa kompyuta pano. Tilitseke msanga asanatenge ndalama za maso."

Ndinapisa m'siketi anthu akuona, ulemu nditauiwala.

"Pini musandiuze, ndinakuuzani kale," anatero. "Mungondiwerengera manambala a kumaso kwa khadi, mwezi wake wothera, ndi atatu aja a kumbuyo."

Apa ndi pamene pamandipweteka mpaka lero. Manambala atatu a kumbuyo ndi aang'ono, ndipo maso anga anakana. Ndinatuluka panja padzuwa, ndikupendeketsa khadi uku ndi uku, misozi ya kuwala ikutsika. Ndinanena nambala, ndinaibweza, ndinanena ina. Iye anadikira. "Musafulumire azakhali, pumani kaye," ankatero. Maso omwewo amene ankawabera ndiwo anayesa kunditchinjiriza, ine n'kumawakakamiza. Pomaliza ndinawerenga onse atatu molondola.

Kenako anati ibwera meseji ya manambala, ndimuwerengere kuti atsekere khadi. Amenewo ndinawaona bwino, chifukwa mwana wanga anandikulitsira zilembo za pafoni. Mawu achizungu a pansi pake sindinavutike nawo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankanena kuti ndisauze munthu. Anati meseji yoyamba sinagwire, ndiye inabwera ina, kenako inanso, ine ndikuwerenga mokhulupirika. Atamaliza anapuma mokweza nati tapulumuka, koma ndizimitse foni mpaka mawa kuti akubawo asandipeze. Ndinamudalitsa. Ndinadalitsa ndi makolo ake omwe amene anamulera, n'kumuuza kuti diresi yake yatha.

M'mawa nditayatsa foni, mameseji achizungu analowa motsatizana. Ndinameza manyazi n'kupempha mayi wa salaula uja kuti andiwerengere. Woyamba anauwerenga mokweza, wachiwiri motsitsa, kenako anangondibwezera foni nati, "Ba neba, valani nsapato tiyende ku banki." Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo chimenecho ndidzamuthokoza nacho mpaka kumanda. Mu minibasi ndinaimbira mtsikana uja, mwana wa achimwene anga, njira yonse. Nambala yake inali yozima.

Ku banki anatilandira mayi wina wa nkhope yotopa koma waulemu. Anatseka khadi pomwepo, n'kutembenuza kompyuta kuti ndione, ngati kuti ndikanaona. Ndalama za maso zinali zitagula katundu m'masitolo a pa intaneti amene sindinawamvepo. Zotsala sizikanagula ngakhale magalasi. Ndinamutchulira dzina la mtsikana uja, ndinati amagwira ntchito momwemuno, amuitane adzafotokoze.

"Mami, kuno kulibe muntu wa zina iyo," anatero.

"Ndi mwana wa achimwene anga," ndinatero mokweza, mpaka a pamzere anatembenuka.

"Munamuonapo?"

Ndinkadziwa kuti amakonda mfutso, kuti nsapato zazitali zimamupweteka, kuti amaseka asanayankhe. Nkhope yake sindinkaidziwa.

Mayiyo anandilankhula pang'onopang'ono, monga ndimalankhulira ophunzira kusoka. "Ba banki sitifunsa manambala ya kumbuyo, olo khodi yamene ibwela pa meseji. Ija khodi ni kiyi ya nyumba yanu, mami. Muntu akatuma foni ati nine wa ku banki, olo akambe bwino bwanji, dulani. Mutume mweka pa nambala ili pa khadi, olo mubwele kuno." Anati afufuza, ndipo ananditumiza kupolisi kukanena, koma sanandinamize. Popeza makhodi ndinapereka ndi pakamwa panga, chiyembekezo chinali chochepa. Pa khadi latsopano anatseka zogula za pa intaneti, anaika malire a ndalama zotuluka pa tsiku, n'kundilangiza kuti zosunga zizikhala mu akaunti ina yopanda khadi. Nditafika kunyumba manambala atatu a kumbuyo ndinawamata ndi pulasitala. Khola ndinalimanga lolimba ndithu, mbuzi zitapita kale, ndipo madzulo amenewo sindinaphike.

Chovuta chinali kuuza mwana wanga. Ndinazengereza mpaka anaimba yekha kufunsa kuti tipangane liti ndi achipatala. Nditamufotokozera ndinangomva phokoso la m'sitolo kumbuyo kwake. Ndinkadziwa nsapato zimene sanagule, ndi Khirisimasi imene sanabwere, chifukwa cha ndalama zimenezo.

"Mami, imwe?" anatero pomaliza. "Imwe bamene mumapunzisa bantu? Munali kukamba naye chani masiku yonse aya, muntu wamene simuziba?"

"Ankandipatsa moni," ndinatero.

Sindinanene kuti ndimubaye, koma zinamubaya. Analira, inenso ndinalira, aliyense kumbali yake ya dziko, mpaka foni inaduka yokha.

Mvula inabwera n'kupita maso ali momwemo. Januwale, mwezi umene telala amadya, ndinabweza mayunifomu onse a nsalu yoderapo chifukwa msoko sindinkauona, ndipo makolo anawapititsa kwa telala wina wa mzere wakutsogolo. Ndinatsala ndi zopinda mathalauza ndi kuika mazipi. Lachinayi ku tchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pakamwa potseka. Foni ndinayamba kuiopa. Ikalira nambala yachilendo ndinkayankha mwaukali, "Ndani? Mukufuna chiyani?" ndipo makasitomala ena sanaimbenso. Komabe masana, nthawi ija ikakwana, ndinkapezeka ndaimitsa makina ndikuyang'ana foni pathebulo. Ndalama zinandipweteka, koma chimene ndinkachisowa nthawi ya nkhomaliro sichinali ndalama. Ndinkadzikwiyira kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Mwana wanga anayambanso kusonkha, osanenaponso kanthu. Anayambanso kuimba Lamlungu masana. Moni wa kwathu sautha, amathamanga nawo n'kudumpha theka, koma amayesa. Chilimwe chotsatira tinakwanitsa diso limodzi, lamanja. Lamanzere likudikirabe.

Patapita milungu ingapo nditachotsa ng'alayo, masana ena foni inalira, nambala yachilendo.

"Mwaswera bwanji amayi? Pepani ndakudulani pa ntchito."

Mawuwo ndinawadziwa moni usanathe. Mayi wa ku banki anati ndizidula, ndipo chala chinali kale pa batani, koma sindinadule. Ndinayankha kuti ndaswera bwino, kaya iwo. Anafunsa za kunyumba, ndinayankha. Ndinaulola moni wonse udutse mpaka kumapeto, chifukwa unali wokoma monga kale. Ndinkadikira kuti mwina andizindikira, mwina mawu anjenjemera, mwina anena kuti pepani azakhali. Iye anangopitiriza: banki, khadi, pini musauze munthu. Kenako anazengereza pamalo pomwe paja.

"Mundikhululukire amayi, izi si za ntchito. Malankhulidwe anu andikumbutsa kwathu. Kodi kwanu n'kuti?"

Ndinati ku Chadiza, kumene sindinagoneko chibadwire. Anaseka mokondwa nati ndi kwawo. Ndinatchula chiwongo chimene si changa.

"Bambo anga ndi a chiwongo chomwecho," anatero.

"Mwananga," ndinatero, "diresi yako yobiriwira ija idakalipo."

Pamenepo ndinamva mawu a anthu ena kumbuyo kwake, ambiri, aliyense akupereka moni waulemu pafoni yake. Kenako anadula. Sindikudziwa ngati anakumbukira. Ndikuganiza kuti azakhali ake ndi ochuluka.

Nambalayo ndinakaipereka ku banki m'mawa mwake, monga anandilangizira. Pobwerako ndinatsitsa diresi ija pa msomali pamene inakhala chaka chonse, ndipo ndi diso latsopanoli ndinaona kuti misoko yake inali yokhotakhota. Ndinaimasula yonse n'kuisokanso mowongoka, pa miyezo yomwe ija, chifukwa nsalu yodulidwa sibwerera. Ndinaipachika kutsogolo kwa shopu kuti igulidwe. Azimayi amaikonda, amaigwira, amafunsa mtengo, ena amalowa kuseri kwa katani kukaiyesa. Wina imamuthina m'mapewa, wina imamukulira m'chiuno, wina mikono imamubisa zala. Mwana wanga atabwera pa Khirisimasi anaiyesanso, inakana. Madzulo ndimaikung'untha fumbi n'kuilowetsa, m'mawa ndimaitulutsanso. Mpaka lero sanapezeke munthu amene imamukwana.